Goloboyi amene simukumufunanso: mumugulitse kapena mumumasule?

Pa timu ya mpira pali malo amene sagawanika. Kutsogolo mukhoza kuika anthu awiri, kumbuyo anayi, koma pagolo pamaima munthu mmodzi basi. Tsiku limene kochi wanena kuti mnyamata watsopano ndiye aziima pagolo, wakale uja ntchito yamuthera, ngakhale kontirakiti yake ikadali ndi chaka chathunthu. Amangokhala pabenchi, malipiro akupita, mtima ukumuwawa, ndipo inu akomiti mumatsala ndi funso limene aliyense amaopa kuliyambitsa pamsonkhano: timugulitse, timutumize pa ngongole, kapena tingomumasula azipita?

Ine ndinakhalapo msungichuma wa timu ya ligi yaing'ono kuno ku Mzuzu kwa zaka zinayi, ndipo funso limeneli tinaliyankha molakwika pa goloboyi wathu wina wa ku Zolozolo. Zina mwa zimene ndikulembazi ndinaziphunzira pa cholakwa chimenecho. Zina ndaziphunzira kutali, ku NFL, ligi ya mpira wa ku America uja amasewera atavala zipewa zolimba, imene mlamu wanga anandikokeramo. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala masewero awo oyamba a Lamlungu amayamba 7 koloko madzulo nthawi yathu ino, munthu utabwerako kale ku Mzuzu Stadium. Kumeneko malo osagawanika ndi a quarterback, amene amalandira mpira pachiyambi pa sewero lililonse n'kusankha womuponyera. Matimu alipo 32, iliyonse ili ndi osewera 53, koma quarterback m'bwalo amakhala mmodzi. Chimene ndimakondera ligi imeneyi n'chakuti ndalama za makontirakiti zimadziwika poyera. Munthu uli ku Chiputula ukhoza kuona timu ikupanga chisankho n'kuwerengera wekha kuti yataya zingati. Ziwerengero zawo ndi zikuluzikulu, koma mutu umene umawawa ndi womwewu umatiwawa ifewu.

Tsimikizani kaye kuti simukumufunadi

Funsani kuti amene sakumufunayo ndi ndani: timu, kapena kochi yekha? Makochi amabwera n'kupita, ndipo wosewera amene uyu akumuona ngati watha, wina akhoza kumangira timu pa iye. Los Angeles Rams inamutaya quarterback wake Jared Goff mu 2021, n'kuwonjezera mwayi wosankha osewera atsopano atatu kuti Detroit iwapatse Matthew Stafford. Rams sinalakwe, chifukwa inatenga Super Bowl, chikho chachikulu cha ligiyo, nyengo yomweyo, koma Goff nayenso sanali wotha: mu Januwale 2024 anaifikitsa Detroit pa masewero omaliza olimbirana malo mu Super Bowl. Choncho muuzeni kochi abwere kukomiti adzanene zifukwa zake pamaso pa onse, ndipo mumufunse funso limodzi ili: mnyamata watsopanoyu akathyoka chala Loweruka ku Karonga, pagolo paima ndani? Ngati yankho likubwerera kwa munthu yemwe mukufuna kumuchotsayo, nkhani isanapite patali ganizaninso. Ngati pali wina woti n'kuima, pitirirani, ndipo mukatero musabwererenso m'mbuyo. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo anyamata m'timu amayamba kugawikana, ena a wakale, ena a watsopano.

Tsegulani kontirakiti muwerengere ndalama

Pano ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ndalama ya wosewera ili m'magulu atatu. Pali imene munapereka kale: yomugulira ku timu yake yakale ndi yosainira. Pali imene mudzamupatsa ndithu, kaya asewere kaya asasewere, chifukwa munalonjeza polemba. Ndiye pali imene mungaipulumutse ngati iye atachoka lero. Chisankho chanu chikhale pa magulu awiri omalizawa. Gulu loyambalo liiwaleni. Madzi akatayika saoleka, koma ine ndaonapo akomiti akutaya madzi ena ochuluka pofuna kuola otayika kale aja.

Ku NFL zimaoneka bwino chifukwa timu iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingalipire osewera pachaka, iwo amati salary cap. Mu 2024 malirewo anali madola 255.4 miliyoni. Ndalama yosainira wosewera amailandira pompo, koma m'mabuku amaigawa pa zaka za kontirakiti, osaposa zisanu. Wosewerayo akachoka nthawi isanakwane, gawo lotsala lija limagwera m'mabuku nthawi imodzi, ndipo limadya malo amene mukanalipirira osewera ena. Amaitcha dead money, ndalama yakufa. Imeneyi simungaithawe, kaya mwasinthanitsa munthuyo kaya mwamumasula. Kusiyana kuli pa malipiro am'tsogolo olonjezedwa. Mukasinthanitsa, kontirakiti imapita ndi mwini wake ndipo timu yatsopano ndiyo imasenza. Mukamumasula, amatsala pamutu panu. N'chifukwa chake timu iliyonse imayamba yayesa kusinthanitsa. Dziwaninso kuti kumeneko sagulitsana osewera ndi ndalama ngati ife. Amasinthanitsa ndi osewera ena, kapena ndi malo pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka wosankha anyamata ochokera m'makoleji, umene uli ndi zigawo zisanu ndi ziwiri. Malo a m'chigawo choyamba ndi golide, a m'chigawo chachisanu ndi chimodzi ndi ndalama yachitsulo.

Taonani za quarterback Russell Wilson. Denver inamutenga ku Seattle mu Malichi 2022, itapereka osewera atatu ndi malo asanu pa draft, awiri mwa iwo a m'chigawo choyamba. Asanasewere n'kamodzi komwe inamuwonjezera kontirakiti ya zaka zisanu ya madola pafupifupi 245 miliyoni. Nyengo ziwiri zinadutsa zinthu zisakuyenda. Palibe timu imene ikanavomera kusenza kontirakiti yolemera choncho, ndiye msika panalibe. Denver inaona kuti ikamusunga kupitirira pakati pa Malichi 2024, madola ena 37 miliyoni a chaka cha 2025 asanduka olonjezedwa. Inamumasula, n'kuvomera ndalama yakufa ya madola 85 miliyoni, imene panthawiyo inali isanachitikepo m'ligimo, n'kuigawa pa zaka ziwiri: 53 mu 2024 ndi 32 mu 2025. Wilson anakasewera ku Pittsburgh pa malipiro otsikitsitsa, madola 1.21 miliyoni, Denver ikumulipira pafupifupi 38 miliyoni kuti azisewerera timu ina. Zowawa zedi. Koma 85 ija inali itapita kale tsiku losaina. Imene inali m'manja mwawo ndi 37, ndipo anaipulumutsa. Chaka chomwecho anasankha mnyamata Bo Nix kulowa m'malo mwake, napambana masewero 10 mwa 17, nalowa m'ndime ya chipulula koyamba chichokereni nyengo ya 2015.

Tiyeni tibwere kwathu, tiyerekeze ndi makwacha. Goloboyi wanu amalandira K150,000 pamwezi ndipo kontirakiti yatsala ndi miyezi 10. Ndiye kuti mukamusunga mpaka kumapeto mulipira K1,500,000, kenako azipita ulere. Munamusainira K800,000. Timu ina yabwera ndi K300,000. Pamsonkhano wina adzaimirira ndithu n'kunena kuti, "Munthu tinamutayira 800 timugulitse 300? Anthu atiseka." Inu msungichuma tengani cholembera. Mukagulitsa, mwalandira K300,000 ndipo mwapulumutsa K1,500,000, zonse pamodzi K1,800,000. Mukagwirizana naye kuti mumupatse malipiro a miyezi inayi azipita, mwatulutsa K600,000 koma mwapulumutsa K900,000. Mukamutumiza pa ngongole timu inayo n'kumalipira theka, mwapulumutsa K750,000. Mukamusunga podikira wogula wa K800,000 amene sakubwera, mwezi uliwonse mukutaya K150,000, ndipo mtengo wake ukutsika chifukwa sakusewera. Lembani manambala anayiwa pa pepala limodzi, aliyense wa mukomiti aone ndi maso ake. Mkangano wambiri umathera pamenepo.

Lembani masiku pakhoma

Kontirakiti iliyonse ili ndi tsiku limene mphamvu zimachoka m'manja mwanu. Lidziweni.

Indianapolis inamumasula quarterback wake Peyton Manning pa 7 Malichi 2012 chifukwa mawa lake imayenera kumupatsa bonasi ya madola 28 miliyoni, munthu atakhala nyengo yonse ya 2011 osasewera kaamba ka maopaleshoni a khosi. Las Vegas Raiders inamumasula Derek Carr pa 14 Febuluwale 2023, chifukwa tsiku lotsatira madola 40.4 miliyoni akanasanduka olonjezedwa. Nkhani ya Carr ili ndi phunziro lina. Mu kontirakiti yake munali mawu oti sangasinthanitsidwe popanda iye kuvomera. Raiders inamuika pambali masewero awiri omaliza a nyengo ya 2022, dziko lonse n'kudziwa kuti sakufunika, kenako n'kuyamba kukambirana ndi New Orleans. Carr anakana kusinthanitsidwa. Anadziwa tsikulo monga momwe iwo ankalidziwira. Atamasulidwa anakasaina ku New Orleans komweko, ndipo Raiders sinapatepo kanthu pa munthu amene anaisewerera nyengo zisanu ndi zinayi.

Mu mpira wathu wa miyendo, wosewera aliyense ali ngati Carr, chifukwa simungamugulitse iye asanagwirizane ndi timu yatsopanoyo pa malipiro ake. Masiku ofunika ndi awiri. Loyamba ndi lotsekera msika wa osewera, limene muyenera kulifunsa ku FAM nyengo iliyonse. Lachiwiri ndi pamene kontirakiti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa malamulo a FIFA amalola wosewera kusainirana ndi timu ina kuyambira pamenepo. Chigamulo cha khoti la ku Ulaya pa mlandu wa Jean-Marc Bosman mu 1995 ndicho chinatsegula njira yoti wosewera amene kontirakiti yake yatha azichoka popanda malipiro ogulira. Ndiye ngati munthu wanu watsala ndi miyezi isanu ndi iwiri, mwatsala ndi mwezi umodzi wokha woti mugulitse. Wogula wanzeru akudziwa zimenezi ndipo akudikira.

Gulitsani mbiri isanamveke

Katundu amene mwini wake walengeza kuti sakumufuna alibe mtengo. Aliyense wogulitsa kaunjika mu msika wa Mzuzu akudziwa. Koma ife a mpira timayamba ndi kunyoza, kenako n'kumafuna mtengo wabwino.

Arizona inasankha Josh Rosen pa nambala 10 mu draft ya 2018. Chaka chotsatira inasankha quarterback wina, Kyler Murray, pa nambala 1, Rosen akadali pomwepo. Mawa lake inamupereka Rosen ku Miami posinthana ndi nambala 62. Kuchoka pa 10 kufika pa 62 m'chaka chimodzi, ndipo mbali ina ya kutsikako inali yoti wogula aliyense anali ataona kale kuti Arizona ilibe kolowera. Cleveland inachita zoposa pamenepo ndi Baker Mayfield, amene inamusankha pa nambala 1 mu 2018. Inabweretsa quarterback wina mu Malichi 2022, n'kukhala ndi Mayfield mpaka Julayi, matimu ambiri atapeza kale anthu awo. Pomaliza Carolina inapereka malo a m'chigawo chachisanu okha, ndipo Cleveland inalipirabe madola 10.5 miliyoni a malipiro ake. Yerekezani ndi Kansas City. Inasankha Patrick Mahomes mu 2017, koma quarterback wake wakale Alex Smith anapitiriza kusewera nyengo yonseyo, anasewera bwino kwambiri, ndipo mu Januwale 2018 Kansas City inagwirizana zomupereka ku Washington, imene inapereka wosewera Kendall Fuller ndi malo a m'chigawo chachitatu. Anagulitsa munthu ali pamwamba, asanamuike pabenchi.

Ife tinachita ngati Cleveland. Goloboyi wathu anali ataima pagolo nyengo zisanu, ndipo ndalama yomusainira komaliza tinachita kusonkherana. Kunabwera mnyamata wa zaka 19 wochokera ku Nkhata Bay, wamtali, wosaopa mipira ya m'mwamba, kochi n'kumukonda. Sabata yoyamba ya msika, timu ina ya ku Rumphi inatiimbira kufunsa za wamkuluyo. Tinatchula mtengo woposa katatu umene iwo ananena, pofuna kubweza zosonkha zija. Anati akaganiza. Sabata yomweyo kochi anauza masapota pambuyo pa maphunziro kuti "ameneyo watha", ndipo Mzuzu ndi yaing'ono: mawu olankhulidwa ku Katoto madzulo, m'mawa ali ku Luwinga. A ku Rumphi aja sanaimbenso. Msika unatsekedwa tili naye.

Choncho chitani izi. Chisankho chidziwike kwa anthu ochepa: wapampando, mlembi, msungichuma, kochi, ndi mwini wakeyo. Kochi asanene kanthu koipa za iye kwa atolankhani kapena masapota. Ngati n'kotheka azimupatsabe masewero ena, monga a chikho, kuti ogula amuone akugwira mipira. Imbirani matimu awiri kapena atatu amene mukudziwa kuti pagolo pawo pakudontha, musadikire kuti akupezeni. Musanaimbe, gwirizanani mtengo wotsikitsitsa umene mungalandire, ndipo wina akaufika, landirani tsiku lomwelo. Wogula woyamba kawirikawiri ndiye wabwino, chifukwa iye wabwera akumufuna munthuyo, pamene otsatirawo amabwera atamva kuti mwapanikizika.

Wogula akakhala wopanda ndalama, monga zimakhalira m'maligi athu aang'ono, pali zina zoti n'kupempha. Lembani kuti akadzamugulitsa kwina mudzalandira gawo, kaya 10 kaya 20 pa 100 aliyense. Pemphani wosewera wawo wachinyamata amene sakumugwiritsa ntchito. Ngati alipira pang'onopang'ono, masiku olipirira alembedwe ndipo asainire anthu awiri mbali iliyonse. Lonjezo la pafoni ine sindililandiranso.

Nthawi zina mumachita kulipira kuti munthu achoke, ndipo si zamanyazi. Houston inamusainira Brock Osweiler kontirakiti ya madola 72 miliyoni mu 2016. Patatha chaka inamupereka ku Cleveland pamodzi ndi malo a m'chigawo chachiwiri, kuti Cleveland isenze malipiro ake a madola 16 miliyoni. Cleveland sinkamufuna Osweiler, inamumasula nyengo isanayambe. Inkafuna malowo, ndipo inasankhira Nick Chubb mu 2018. Kwathu kuno zofanana nazo ndi ngongole imene inu mukulipirabe theka la malipiro. Ngongole ndi yabwino kwa wosewera wamng'ono amene mukuganiza kuti adzakuthandizani m'tsogolo, kapena amene akufunika kuonekera kuti mtengo ukwere. Kwa munthu wa zaka 31 amene kontirakiti yake ikutha chaka chino, ngongole ndi kungozengereza.

Pamene kumasula ndiye njira

Mumumasule ngati mwaimbira matimu ndipo palibe akumufuna pa malipiro amene ali nawo, ngati miyezi yotsala ndi yochepa, kapena ngati iye wakana kupita kumene mukumugulitsa. Ndiwonjezera chifukwa china chimene sichili m'mabuku a msungichuma: ngati munthuyo wakutumikirani zaka zambiri ndipo ndalama imene mungapeze ndi yochepa, mulekeni asankhe yekha kopita. Wosewera womasuka amapeza timu msanga, chifukwa yomutengayo siyamba yalipira inu, ndipo kandalama kamene ikanakupatsani kamasanduka komusainira iyeyo. Manning atamasulidwa anasankha yekha Denver, ndipo anakatenga nayo Super Bowl mu Febuluwale 2016. Mayfield atamasulidwa ndi Carolina mu Disembala 2022, Rams inamutenga Lachiwiri, Lachinayi n'kuipambanitsa. Musaope kuti akakachita bwino kwina anthu akunenani. Mwina adzachitadi bwino, ndipo akhoza kudzakugwirirani penate pa Mzuzu Stadium pomwepa. Funso lanu linali loti ali ndi malo pa timu yanu kapena ayi, ndipo munaliyankha kale.

Kumasula si kuthamangitsa. Kontirakiti imathetsedwa pogwirizana mbali zonse ziwiri, polemba. Pepalalo linene tsiku limene mgwirizano watha, ndalama imene mumupatsa, tsiku lomupatsira, ndiponso kuti palibenso ngongole pakati panu. Yambani mwalipira zonse zimene anagwirira kale ntchito, malipiro ndi mabonasi a masewero, chifukwa zimenezo si zokambirana. Zokambirana ndi miyezi yam'tsogoloyo. Kalata yomumasula mupatseni m'manja tsiku lomwelo, ndipo muchite zimenezi msika ukadali wotsegula kuti akathe kulembetsa kwina. Kumasula munthu msika utatsekedwa dzulo ndi kumulanda theka la nyengo.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musayese kumutopetsa kuti achoke yekha. Njira zake tonse timazidziwa: kumuchedwetsera malipiro, kumuuza azichita maphunziro payekha, kumusiya pa ulendo osamuuza. Malamulo a FIFA amati timu ikalephera kulipira malipiro a miyezi iwiri, wosewera akhoza kuilembera kalata yoipatsa masiku 15, ndipo ikapanda kulipira ali ndi ufulu wothetsa kontirakiti n'kufuna chipukuta misozi. Amatinso kuzunza munthu ndi cholinga chomukakamiza kuthetsa kontirakiti ndi chifukwa chokwanira choti iye achoke mlandu uli kwa inu. Werenganinso malamulo a FAM pambali pa amenewa musanachite chilichonse. Koma ngakhale pakanapanda lamulo, anyamata enawo amaona. Mnyamata wa zaka 19 amene mwamuika pagolo lero akuphunzira mmene mudzamuchitire iyeyo akadzafika zaka 30.

Ife tinachita zimenezi, ndipo dzanja linali langa. Msika utatsekedwa, komiti inagwirizana kuti malipiro a goloboyi uja azibwera pomaliza, ena onse atalandira. Ine ndi amene ndinkatumiza ndalama pafoni, ndipo dzina lake ndinkalidumpha. Kenako wina anamuchotsa pa gulu la WhatsApp la timu. Anadziwira pamenepo kuti sakufunika, palibe mmodzi wa ife amene anali atamuuza. Anabwerabe ku maphunziro miyezi isanu, akufika woyamba, akuponyera mipira mnyamata amene anamulanda malo uja.

Muuzeni nokha, iye akhale woyamba kumva

Zonse ndanenazi zimayenda bwino ngati mwayamba ndi kukhala naye pansi. Wosewera amene wauzidwa mwaulemu amakuthandizani kupeza wogula, chifukwa amadziwana ndi makochi ambiri kuposa inu. Amene wamvera pa Facebook kapena pa wailesi amakana chilichonse chimene mungabweretse, ndipo ali ndi ufulu wokana. Tsiku limene Indianapolis inkamumasula Manning, mwini timu Jim Irsay anaima naye limodzi pamaso pa atolankhani, ndipo mu 2017 timuyo inamuimikira chipilala kunja kwa bwalo lake. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo mwambiwu umagwira timu monga umagwirira wosewera.

Apite anthu awiri, kochi ndi mmodzi wa akomiti amene wosewerayo amamulemekeza. Osati pabwalo anzake akuona, osati pafoni. Pitani kwawo kapena malo ena achete. Musazungulire. Nenani chonchi: "Achimwene, tabwera kuti mumve kwa ife musanamve kwa wina. Kochi waganiza kuti nyengo ino pagolo paziima mnyamata uja. Inu simunalakwe kanthu. Pali njira zitatu, ndipo tikufuna timve maganizo anu tisanachite chilichonse." Muonetseni pepala la manambala lija. Mufunseni ngati pali timu imene akuifuna, ndiponso ngati angathe kusamuka, chifukwa wosewera wa ligi yaing'ono amakhala ndi ntchito ina ndi ana a sukulu, ndipo kumugulitsa ku Chitipa munthu amene ali ndi shopu ya ukalipentala ku Mzuzu sikungatheke. Mupatseni masiku atatu kapena anayi akambirane ndi akunyumba. Akakwiya, musabweze. Zimene mwalonjeza pamenepo zilembeni tsiku lomwelo.

Ine ndinachita zimenezi mochedwa ndi miyezi isanu. Ndinaiuza komiti kuti sindidumphanso dzina la munthu, ndipo tinasonkha zotsalira zake zonse ndi za miyezi iwiri pamwamba. Ndinapita ku Zolozolo m'mwezi wa Julayi, kukuwaza kamvula kozizira kaja, envulopu ndi kalata zili m'thumba la jekete. Mayi a kunyumba kwake anandipatsa mpando pakhonde n'kulowa m'nyumba. Ndinapepesa, ndinanena kuti amene ankadumpha dzina lake ndine. Anawerenga kalatayo kawiri, ndalama sanaziwerenge.

"Bwana, mukanandiuza mu Febuluwale," anatero. "A ku Rumphi aja anandiimbira inenso. Ndinawauza kuti ndili ndi timu."

Anasaina mapepala onse awiri atawatsamiritsa pa bondo. Nditaimirira kuti ndizipita, anandikumbutsa kuti magolovesi ake, amene anagula ndi ndalama yake, anatsala m'chikwama cha timu. Ndinakawatenga kwa wosunga katundu madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwake ndinakwera kabaza kukamupatsa ku shopu yake.